Nyumba Imene Idagwira Apongozi

Mwambi uwu, anyamata inu amene mukuyang'ana pa wotchi munthu asanayambe n'kulankhula komwe, udayamba motere. Mawu ake enieni ndiwatchula kumapeto, chifukwa ndikawanena pano mudzuka n'kumapita, poti nanunso ndinu abale ake a mwini nkhaniyi.

Ku Bembeke, m'boma la Dedza, kudali mkamwini wina dzina lake Gerevaziyo Kamtedza, wogulitsa mbatata ya kachewere. Sadali woipa mtima ayi, ndipo ntchito ankalimbikira ndithu, koma phuma lake lidali losasimbika. Tiyi ankamwa chiimirire. Kutchalitchi ankayankha "Ameni" wansembe akadali pakati pa pemphero. Anzake adangomupatsa dzina lakuti Phuma, iye n'kumavomera asanamalize kumuitana.

Gerevaziyo adakhala pachikamwini zaka zisanu ndi ziwiri, kumudzi kwa mkazi wake Folomina, ndipo adaberekerako ana awiri, wamkulu dzina lake Sitela. Mkazi wake ankamukonda, ana ake ankawakonda, koma mudziwo udamukwana chifukwa cha munthu mmodzi, apongozi ake aakazi, aNankhoma. Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sakhala mphasa imodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye aNankhoma, poti sakadatha kumudzudzula maso ndi maso, ankadzudzula ziweto. Mkamwini akachedwa kudzuka ankamva kuseri kwa nyumba, "Iwe tambala, kwanu khasu limalima lokha?" Atagula wailesi, iwo adauza mbuzi kuti nyimbo sizidyedwa. Gerevaziyo ankazimva zonsezi, ndipo zinkamuwawa.

Choncho adamanga nyumba kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri. Idali ya njerwa zootcha, yofolera malata, yopanda siling'i, pansi pa simenti, ndipo pabalaza adaikapo zenera lalikulu loyang'ana kum'mawa. Itatha, adatuma mkulu wake Silivesta, amene adali nkhoswe yake, kukapempha chitengwa, chilolezo chakuti atenge mkazi ndi ana akakhale nawo kwawo. Mwini mbumba adali a Kadzakumanja, mlongo wawo wa aNankhoma, ndipo adayankha kuti, "Lamulungu likudzali tibwera ine ndi mlongo wangayu, tidzaone pamene mwana wathu azikagona. Tikakhutira, mutenge. Tikapanda kukhutira, chikamwini chipitirira."

Munthu wina akadangosesa pasimentipo, kuyala mphasa yatsopano, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Gerevaziyo adali ataona chinthu ku Lilongwe, pa hotela ina imene ankaperekako mbatata. Pansi pake padali poyalidwa matabwa onyezimira ngati mlombwa wopakidwa vanishi, koma adali apulasitiki. Adalumbira kuti apongozi ake akadzaponda pansi potero, mawu adzawathera kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Lachinayi adakwera lole ya mbatata, ndipo atagulitsa katundu adalowa m'sitolo ya zomangira nyumba. Wogulitsa adali mayi wodziwa ntchito yake. Makatoni akukwezedwa m'lole, mayiyo adamuimitsa pakhomo.

"Bambo, mundimvere pang'ono. Awa si matabwa a mtengo. Akatenthedwa amatalika, akazizidwa amafupika. Mukafika, makatoniwa muwagoneke m'chipinda chomwe mukayalemo, mumthunzi, masiku awiri, azolowere mphepo ya m'nyumbamo."

"Masiku awiri? Ndi alendo kodi?"

"Muwayese alendo. Poyala musiye mpata wa chala pakati pa thabwa ndi khoma. Ndipo musakhome msomali ngakhale umodzi. Ali ndi timilomo m'mbalimu, amalumana okha, ndipo amafuna azisuntha momasuka."

Gerevaziyo adaseka mpaka kugwira chitseko. "Mayi, pansi sipayenda, woyenda ndi munthu. Ine bambo anga adali kalipentala wodziwika Dedza yense. Ndidabadwira mu utuchi."

"Ndiye utuchiwo udakulowani m'makutu," adatero mayiyo chapansipansi, koma mwini wake adali atakwera kale lole.

Panjira adakumbukira zimene malemu bambo ake ankaphunzitsa, kuti thabwa losauma ndilo limasiya mipata pachitseko, ndipo mankhwala ake ndi kuliyanika. Mawuwo adali oona, koma adali a mlombwa ndi mkungudza. Lachisanu m'mawa Gerevaziyo adatsegula makatoni onse, nayanika matabwa aja pabwalo limodzilimodzi ngati akuyanika mphale. Udali mwezi wa Seputembala, pamene ku Dedza masana dzuwa limaswa mtengo koma m'mawa munthu amafuna jekete. Pofika masana matabwa adatentha osagwirika ndi dzanja.

"Eya, tsopano auma," adatero, akuwanyamula ndi chiguduli.

Adawayala otentha chomwecho, kuwalumanitsa ndi kuwagogoda ndi chipika mpaka adathina khoma ndi khoma. Za mpata wa chala adati n'zopatsa mphemvu pogona. Tinene zoona, pansi padakongola. Gerevaziyo adavula nsapato m'nyumba yakeyake, nayenda monyang'ama uku ndi uku, kenaka adagona chagada pakati pa balaza akumwetulira malata.

Loweruka m'mawa Folomina adafika kudzakonzekera alendo. Adalowa ndi tsache, nawerama, naima.

"Bambo a Sitela, mizere iyi ndi maluwa ake?"

Gerevaziyo adagwada. Chisanu cha usiku chidali chitagwira ntchito yake. Matabwa adali atafupika, ndipo pamene pakumana thabwa ndi linzake padali kampata kolowa mtengo wa machesi, simenti ikusuzumira. Koma pakamwa pake padakana kuvomera.

"Ndi zazing'ono izi. Taona."

Adamenya thabwa limodzi ndi chidendene, ndipo mpata udatsekeka. Atacheuka adapeza watsegukira kumbuyo kwake, utakula kawiri. Adamenya la kumbuyolo, mpata udathawira pafupi ndi chitseko. Adautsatira, udalowera kuzenera. Adazungulira nawo balaza lonse akudumpha ndi mwendo umodzi, thukuta lili kamukamu, mpata uli patsogolo iye pambuyo.

"Mwamuna wanga, mpatawu mukuuthamangitsa ngati khoswe," adatero Folomina atatsamira tsache. "Pakatonipa pali nambala ya kusitolo. Bwanji muwaimbire? Paja safunsa adadya phula."

"Ndifunse za matabwa kwa munthu amene sadagwirepo sowo? Ndipatse hamala."

Adasonkhanitsa mipata yonse, nakankha matabwa mpaka adalumana, kenaka adakhoma misomali ya konkire m'mbali mwa makoma onse awiri. Kuti akhutire, mbali ina adakokerako kabati ya mbale, mbali inayo adasanjako matumba a feteleza.

"Yendaninso tione," adawauza matabwawo.

Matabwa adamumva. Dzuwa litafika paliwombo, malata adayamba kuwotcha, ndipo matabwa adafuna kutalika. Kumakoma adali okhomedwa, ndiye adalowera kumwamba. Pafupi ndi zenera pansi padatukumuka mzere wautali kuchoka khoma lino kufika linalo, wooneka ngati mzere wa mbatata. Folomina adaponda pamenepo, padabonyoka, atachotsa phazi padadzukanso.

"Kapena tibzalepo, bambo a Sitela, mvula ili pafupi."

Gerevaziyo sadaseke. Adaganiza msanga, monga mwa masiku onse, kuti chinthu chikatukumuka ndiye kuti chachuluka. Adatenga sowo, nacheka motsatira mzere wonsewo, nachotsapo kachidutswa kotambalala ngati chala. Matabwa adagona pansi bwinobwino, milomo yochekedwayo idakumana, ndipo mzere sunkaoneka n'komwe.

"Waona? Ndi utuchi uja umenewu."

Tsono mumvetse bwino apa. Kale chisanu chikabwera, thabwa lililonse linkasiya kampata kakekake. Tsopano m'mbali mudali mokhomedwa, ndipo malo omasuka adatsala amodzi okha, pochekedwa paja. Lamulungu m'mawa mipata yonse ya m'nyumbamo idasonkhana pamenepo. Padatseguka mng'alu umodzi wautali, wolowa chala chachikulu, kudutsa pansi pa zenera.

Gerevaziyo adauyang'ana mng'aluwo. Zaka zisanu ndi ziwiri za tambala ndi mbuzi zidamubwerera m'mutu, ndipo adachita mantha enieni.

"Tiyalepo mphasa," adatero Folomina.

"Mphasa? Pamwamba pa zinthu za ku Lilongwe? Ndiye apongozi aona chiyani? Ayi, ndalidziwa tsopano khalidwe la mng'aluwu. Masana umatseka wokha. Alendo tiwachedwetse panja mpaka dzuwa likwere. Uwaonetse chimbudzi, khola, mitengo ya mapichesi, chilichonse."

Koma alendo adalawirira. Mame asanaume, a Kadzakumanja adatulukira ndi ndodo yawo, Silivesta ali pambali, aNankhoma pambuyo atavala chitenje chawo cha pamwambo, chimene adawagulira malemu amuna awo. Gerevaziyo adagwada patali, nawomba m'manja nkhope itayang'ana kumbali.

"Amayi, tiyeni muyambe mwaona khola," adatero Folomina.

"Ndabwera kudzaona pogona mbuzi ine? Kukuzizira kuno. Tsegula chitseko."

Amuna adalowa n'kukhala pamipando pafupi ndi khomo, maso ali pa kunyezimira kwa pansi. ANankhoma, amene maso awo adali atayamba kuchita nkhungu, adalunjika pamene pankagwa kadzuwa ka pazenera. Adakhala pansi, natambalala miyendo, nayala chitenje chawo bwinobwino pamwamba penipeni pa mng'alu uja. Mpindiro wa chitenjecho udalowa m'kati ngati kalata m'bokosi.

Gerevaziyo adali pakampando kunja kwa chitseko, monga ayenera mkamwini. Adakodola mkazi wake, namunong'oneza kuti awasunthe.

"Amayi, bwerani pampando wofewawu."

"Mipando ndi ya amuna. Pano pali kadzuwa."

Ndipo apa Gerevaziyo adaganizanso msanga. Adaona kuti apongozi aphimba okha mbali yaikulu ya mng'alu, mbali yotsalayo yabisika kuseri kwa tebulo, ndipo pofika masana zonse zikhala zitatsekeka. Adatsala pang'ono kuseka. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake adapemphera kuti munthu alankhule motalika.

Pemphero limenelo lidayankhidwa mopitirira. A Kadzakumanja sankadziwa kuyamba nkhani pakati. Adayambira pa agogo awo aakazi amene adawoloka Linthipe ali ndi mtanga pamutu, natchula ana awo onse ndi amene adawakwatira, ndi akamwini amene adathawa, ndi amene adapirira. Silivesta adayankha, nayenso posafuna kuchepa adayambira pa agogo ake. Dzuwa lidakwera, malata adayamba kulira, ndipo pansi pankamveka kuti tha, patapita nthawi tha.

"Chikulira n'chiyani?" adafunsa a Kadzakumanja.

"Ndi mmene amachitira a ku Lilongwe, atsibweni," adayankha Gerevaziyo ali panja.

Dzuwa litafika pamutu, a Kadzakumanja adatembenukira kwa mlongo wawo. "Ife amuna taona. Nanga inu eni mwana mukuti bwanji?"

ANankhoma adasisita pansi ndi chikhatho. Adayang'ana kudenga, nayang'ana makoma, kufunafuna chonena, koma sadachipeze.

"Nyumba ndi nyumba ndithu," adatero pomaliza. "Mwana apite."

Manja adawombedwa, Folomina adaimba nthungululu, ndipo Gerevaziyo kunja kuja misozi idalengeza m'maso. Adali mfulu. Adayamba kale kuwerenga m'mutu mmene adzagonere mpaka dzuwa kutuluka popanda wofunsa tambala mafunso.

ANankhoma adatsamira dzanja kuti adzuke. Adakwera pang'ono, nabwerera pansi kuti phi. Adayesanso, nabwereranso.

"Folomina, wandiponda chitenje."

"Ine ndili kuno, amayi."

"Nanga wandigwira ndani?"

Folomina adagwada, nasuzumira, nagwira pakamwa. Mng'alu udali utatseka monga mwini nyumba adanenera, koma udatseka ndi chitenje cha apongozi m'kamwa mwake. Adakoka, osatheka. ANankhoma adakoka nawo, ndipo chimene chidayamba kumasuka si pansi ayi, koma mfundo ya m'chiuno. Amuna aja ataona zimenezo adatuluka mothithikana pachitseko, a Kadzakumanja mpaka kuiwala ndodo.

Zotsala zonse zidakambidwa kudzera pazenera, amuna atafulatira nyumba.

"Amake Sitela," adaitana Gerevaziyo, "uwauze apongozi kuti lumo lili m'kabati. Tingodula kansonga kokha."

"Uwauze amuna akowo," adayankha aNankhoma mokweza kuti asavutike kutumiza, "kuti chitenje ichi adandigulira malemu bambo ako. Wofuna kuchidula ayambe wadula ine."

"Ndiye avale china, ichi chitsale kaye pomwepo."

"Ndivule chitenje m'nyumba ya mkamwini? Kadzakumanja, ukumva zimene akunena mkamwini wako?"

"Ndamva, mlongo, koma ndikuyesa sindidamve."

"Azule matabwa akewa!"

Kuzula kudafunika munthu wamphamvu agwade pambali penipeni pa apongozi ndi chitsulo m'manja. Gerevaziyo sakadatero, mwambo sukadalola. Silivesta naye adali wa kuchimuna, ndipo adayamba kuyang'ana mapichesi mwachidwi. A Kadzakumanja adakumbuka msana wawo. Folomina adayesa ndi hamala, koma misomali ya konkire ija mwamuna wake adaikhoma ndi mkwiyo, ndipo pamwamba pake padali kabati ndi feteleza.

Pamenepo mwana wa kalipentala adatola katoni, nawerenga nambala, naimba foni atabisala kuseri kwa khola. Mayi wa kusitolo adamvetsera zonse osamudula.

"Mudawagoneka masiku awiri?"

"Ndidawayanika."

"Mudasiya mpata kukhoma?"

"Ndidakhoma."

"Ndiye mwati agwira ndani?"

"Apongozi."

Pafoni padamveka ngati munthu akutsamwa ndi madzi. "Pepani bambo, ndi chifuwa. Palibe chochita lero. Dikirani azizire. Mawa m'mawa atsegula okha."

Choncho aNankhoma adaswera pamenepo, nadyera pamenepo, nagona pamenepo, Folomina atawatchingira ndi nsalu ndi kuwasamalira monga akazi amadziwira. Amuna adakagona kwa Silivesta. Mudzi wonse udamva, ndipo ena adabwera kuchokera kutsidya kudzangoyang'ana nyumbayo patali.

M'mawa mwake chisanu chidatsegula mng'alu, chitenje chidatuluka chathunthu, chili ndi mzere wowongoka ngati chasitidwa. Gerevaziyo adafika atabwereka kale njinga yamoto yoti iwaperekeze. Adagwada pabwalo, mutu pansi, akudikira kumva kuti chitengwa chafafanizidwa. A Kadzakumanja adaima pambali pake. ANankhoma adatuluka, nakhala pakhonde, nayamba kulankhula ndi mwana wawo.

"Folomina, mawu ndidanena dzulo, ndipo ine sindibweza mawu. Ukhala kuno."

Gerevaziyo adapuma, nayamba kuwomba m'manja.

"Sindidathe. Nyumba iyi imaluma. Dzulo yagwira ine, munthu wamkulu. Mawa idzagwira kachala ka Sitela, amake ali kumadzi, abambo ake ali ku Lilongwe kukagula zina. Adzukulu anga sangakhale m'nyumba yotere popanda munthu woidziwa. Ndipo woidziwa ndine, ndagonapo. Komanso ndakalamba chonchi sindidaone nyumba yokakamira mlendo chotere. Ena amangoti khalani pakamwa pokha, iyi yachita kundigwira chitenje. Kukana pamenepa ungakhale mwano. Njingayo isabwerere chabe, ikatenge mtanga wanga ndi bulangete. Mbuzi zibwera Lachitatu."

Manja a Gerevaziyo adaima m'malere. Adayang'ana a Kadzakumanja ndi maso opempha, poti mwini mbumba yekha ndiye akadatha kuletsa. Koma mkuluyo adakhala mpanda umodzi ndi mlongo wakeyo zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo nkhope yake idawala ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Akamwini," adatero akumugwira paphewa, "mwaiona mbumba yathu mmene imakukonderani? Mudapempha mmodzi, takupatsani awiri. Katunduyo ndikamanga ndekha."

Matabwa aja adazulidwa sabata yomweyo. Otsala osachekedwa adagonekedwa masiku awiri mumthunzi, nayalidwa m'chipinda chimodzi ndi mpata wa chala kukhoma, popanda msomali, ndipo sadatsegukenso. Chipindacho chidali cha aNankhoma. Adakhalamo zaka khumi ndi zitatu, athanzi ndithu, ndipo pamaliro awo amene adalira kwambiri adali Gerevaziyo, ngakhale anthu mpaka lero sagwirizana chimene ankalira.

Tsono inu mukadzaona mnzanu akuthamangira kuthetsa vuto asanamve malangizo, akukhoma pofunika kudikira ndi kucheka pofunika kufunsa, musadzataye naye malovu ambiri. Mudzangomuuza zimene a Kadzakumanja adanena tsiku lija potsika phiri, akuseka mpaka kutsamira ndodo: "Phuma adathawa apongozi, nawakhomera m'nyumba."